Amene Ankangolawa

"Atsibweni, munthu wolawa ndi munthu womwa asiyana pati?"

Anandifunsa ndi Ndaziona, mwana wamkazi wa mlongo wanga, mano akutsogolo atangoguluka. Tinali pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba, ine ndikusema mpini, iye akulondola nyerere ndi kaudzu. Ndinaseka. Ndinati wolawa amanyowetsa lilime, womwa amanyowetsa mimba. Mwanayo anandiyang'ana ngati ndamupatsa chinangwa chosapsa. Yankho lenileni ndinakalipeza kutali, nditayenda misewu yambiri, mwini funso ataliiwala kale.

Mayi ake, mlongo wanga Mwandida, ankatcheza kachasu. Mwamuna wake anapita kukafuna ntchito ku mafamu osabwerakonso, ndiye mbiya ndiyo inatsala ikulera mwana. Ankaviika madeya ndi shuga, nyengo ya masau n'kuthiramonso masau. Zikawira ankaziika pamoto m'mbiya yomata pakamwa ndi dothi, ndipo nthunzi inkayenda mumpope wodutsa m'madzi ozizira n'kumadontha m'botolo, yoyera ngati madzi a pachitsime. Oyamba kudontha timawatcha mutu. Amenewo ukawathira pamoto amayaka.

Kwathu munthu sapatsa mnzake chakumwa asanayambe wamwako yekha. Timati kuchotsa ufiti. Ndi mwambo wa anthu oopana amene akufunabe kukhala pamodzi, ndipo ine sindiunyoza. Pa mowa wamasese wa pamaliro, mwini amachotsa ufiti kamodzi pachipanda, chipanda n'kumazungulira. Koma Mwandida ankagulitsa kapu ndi kapu, ndipo wogula aliyense ankafuna kuona kholingo lake likuyenda. Anali ndi kakapu kake kamalata, kophwanyika pang'ono m'mbali, kolawira.

"Mayi, apatu mwangopsompsona kapu," ankatero amuna a pabenchi. "Mezani tione."

"Ndiye mukundiyesa mfiti ine?"

"Ayi, komatu mfiti nazo zimafunsa chomwecho."

Onse kuseka, iye n'kumeza, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kutchalitchi ankanena mopanda manyazi kuti iye samwa, ndipo sankanama mwadala. Sanagulepo mowa, sanakhalepo pabenchi, sanaimbepo nyimbo za oledzera. Koma patapita mvula zingapo ndinayamba kumupeza m'mawa, pabwalo palibe wogula, kakapu kali m'manja.

"Ndikungoona ngati wapsa, achimwene," ankatero. Manja ake ankanjenjemera mpaka atameza, kenako n'kukhala bata.

Maso ake anasanduka achikasu. Mimba inakula mwakuti amayi ena anayamba kunong'onezana kuti mwini pakatipo ndi ndani. Miyendo inatupa, khungu n'kumawala ngati lodzola mafuta. Tsiku lina akusesa pabwalo anasanza magazi, ndipo chilimwe chisanathe tinamuika.

Pamaliro funso linali limodzi: mkazi wosamwa angafe bwanji imfa ya chidakwa? Anthu anayang'ana tsidya la njira, kumene kunkakhala mayi Nangozo, amenenso ankatcheza. Mayiwo sankalawa okha mowa wawo. Amuna awo ndiwo ankakhala pakampando pafupi ndi mbiya n'kumachotsa ufiti m'malo mwawo. Anthu anati mkazi wosalawa mowa wake akudziwa zimene amathira m'mbiya, ndipo wodziwa kuthira m'mbiya yake sangalephere m'mbiya ya mnzake. Anawasasulira denga, anawaswera mbiya. Ndinawaona akutuluka m'mudzi, mayi patsogolo, bambo pakati akudzandira, mnyamata wawo Lekani pambuyo atasenza mphasa. Ine ndinaima chapatali. Sindinkadziwa choti ndikhulupirire.

Chimene chinandinyamutsa ndi mawu a amayi a kumtundu kwathu, atakhala pakhonde akupeta. Anati mbiya ya Mwandida isagone, isungidwe, Ndaziona akatha msinkhu adzaidzutse, poti dzanja la make linali lokoma. Za ufiti sindinkazidziwa, koma kakapu kaja ndinkakaopa. Ndinagwira mwana padzanja, tinatsata msewu.

Tinayenda mpaka kumene dothi linali lofiira ndipo utsi unkatuluka m'milu ya njerwa. Kumeneko ndinaphunzira kuponda dothi mpaka lisiye kumatirira, kulimenya m'chikombole, kuyala njerwa padzuwa, kusanja uvuni n'kusiya makomo a moto. Amene anandiphunzitsa ndi Malizani, munthu wa mapewa ngati goli, woimba pogwira ntchito. Ankamuumbira Ndaziona ting'ombe tadothi n'kutiotchera pamodzi ndi njerwa kuti tisasweke. Tsiku lina mwanayo akumwetsa ting'ombe taketo ndinaona chomwetsera: kanali kakapu kamalata ka mayi ake. Anali atakabisa m'nsalu tsiku lonyamuka. Sindinamulande.

M'mawa uliwonse, tisanalowe m'dzenje, Malizani ankazungulira kuseri kwa chulu n'kubwerako maso atafiira, akununkha chamba.

"Ine sindisuta, achimwene," anandiuza ndisanamufunse. "Osuta ndi aja amakhala pamsika opanda chochita. Ine ndimangomasula msana."

Msanawo unayamba kufuna kumasulidwa masananso, kenako pakati pa chikombole ndi chinzake. Nyimbo zinatha. Anayamba kutchera khutu pa uvuni n'kumatiuza kuti tikhale chete, muli anthu akulankhula. Tinkaseka, poti ankadziwika ndi nthabwala. Tsiku lina dzuwa lili pamutu, uvuni usanazizire, anayamba kuugumula ndi manja kuti anthuwo atuluke. Tinamugwira amuna angapo, koma zikhato zinali zitapsa kale. Abale ake anamumanga ndi zingwe n'kupita naye kuchipatala pangolo.

Sindinganene kuti chinali chamba chokha. Ena ankasuta naye, ndipo mwina akuumbabe njerwa mpaka lero. Koma khomo limene iye analowera ndinaliona. Patapita nthawi tinamupeza pamsika uja wa opanda chochita, akutola mapepala ndi zala zopinimbira. Ndaziona anamuonetsa kang'ombe. Anakayang'ana ngati sanaonepo dothi.

"Atsibweni," anatero mwanayo tikubwerera, "msana wa a Malizani unamasuka?"

Mvula itagwa, dzenje linadzaza madzi, ife tinanyamuka.

Tauni yotsatira inali pamwamba pa phiri, yozizira, ya nkhungu yosachoka msanga. Misewu yake yonse inkatsetsereka kukakumana pa mlatho umodzi, ndipo anthu ankakwera njinga za kabaza. Ndinakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu n'kuphunzira kumata machubu, kumanga masipoko, kuwongola mkombero poumvetsera ukamazungulira. Ndaziona anayamba sukulu. Inenso ndinayamba yanga, ya akuluakulu, imene tinkalowa tikaweruka, m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi.

Pa akabaza onse, amene ankandiseketsa ndi Dyeratu. Njinga yake anaikongoletsa ndi magalasi ndi timaluwa tapulasitiki. M'thumba la jekete ankasunga masacheti, timapaketi tija ta mowa woyera, ndipo ankang'amba pakona ndi mano n'kuyamwa phazi limodzi lili pa pedulo.

"Uku si kumwa, amisiri," ankatero. "Womwa amakhala pansi. Mwandionapo nditakhala ine? Ndikungochotsa chisanu."

"Nanga chisanucho chimatha masana?"

"Cha m'mafupa sichiona dzuwa. Mangani buleki apo, musandiyambe ulaliki."

Ndinamanga bulekiyo, ndipo ndinamanga bwino. M'mawa womwewo ananyamula mayi wina wobereka khanda kumbuyo, wopita ku sikelo ya ana. Amene anaona amati anatsika phiri akuimba belu, ndipo pofika pamlatho sanachepetse liwiro, pamene galimoto ya mchenga inali italowa kale. Mayi anapulumuka. Khanda ayi. Anthu anati pamlathopo pali mizimu, pamafuna munthu chaka ndi chaka. Njinga anaibweretsa kwa ine itapindika ngati chingwe. Ndinafinya buleki. Inagwira.

Dyeratu anatuluka m'chipatala ndi mwendo umodzi. Ankabwera ndi ndodo kudzakhala pa muzu wa mtengo wanga, n'kung'amba sacheti ndi mano monga kale.

"Tsopano ndakhala pansi, amisiri," anatero tsiku loyamba. Anafuna kuseka koma sizinatheke. Mayi uja akamadutsa wopanda kanthu kumbuyo, iye ankayang'ana masipoko.

Kusukulu kwathu kunkabwera mphunzitsi wina wamkazi amene masana ankagwira ntchito kuchipatala chaching'ono. Tsiku lina anajambula chiwindi pabolodi. Anati chili ngati sefa ya m'thupi, ndipo mowa wambiri wa zaka zambiri umachiumitsa mpaka chileke kusefa. Pamenepo maso amachita chikasu, mimba imadzaza madzi, miyendo imatupa, ndipo ena amasanza magazi. Ankatchula zimenezi chimodzichimodzi ngati anali pabwalo lathu tsiku lija. Ndinaimika dzanja.

"Aphunzitsi, nanga munthu wosamwa, wongolawa pochotsa ufiti?"

Anzanga anaseka. Iye sanaseke.

"Amalawa kangati patsiku, bambo?"

"Monga mwa ogula."

"Chiwindi sichidziwa mwambo," anatero mofatsa. "Sichifunsa kuti mwamezeranji."

Mpaka kuweruka maganizo anga anali kumudzi. Ndinkaona udzu wa denga la mayi Nangozo ukuuluka pabwalo, ndi bambo aja akudzandira pakati pa mkazi ndi mwana. Kunyumba ndinapeza Ndaziona akusita yunifolomu, akuwaza madzi kuchokera m'kakapu kamalata.

"Funso lako lija ndalipezera yankho," ndinatero.

"Funso liti, atsibweni?"

Ndinamukumbutsa. Anaseka, anati ana amafunsa zilizonse. Ndinamufotokozerabe za sefa ija, iye akuvomera ndi mutu, maso ali pa makala a m'simbi.

Kuchoka kumeneko tinatsikira kuchigwa, ku msewu wautali wopita ku chipatala chachikulu. M'mbali monse munali mashedi a opala matabwa, ndipo panja pa shedi iliyonse panali mabokosi a maliro oimikidwa ngati anthu odikira basi. Ndinalowa ntchito kwa a Kambalame. Anandiphunzitsa kuwerenga thabwa kumene likufuna kung'ambikira, kupala motsata mitsempha yake, kubisa mutu wa msomali kuti ofedwa asauone. Ankati bokosi labwino ndi limene anamfedwa saliona n'komwe, amangoona m'bale wawo atagona bwino.

Pansi pa utuchi ankasungapo botolo. Ankalifukula pokhapokha munthu akabwera ndi kachingwe kakafupi, muyeso wa mwana.

"Sindimwa ine, mphwanga," ankatero akupukuta pakamwa pa botolo. "Ndimangolimbitsa mtima. Iwe ungakhome kabokosi kotere uli bwinobwino?"

Inenso manja ankandilemera. Koma nyengo imeneyo tizingwe tatifupi tinkabwera kawirikawiri. Kenako mtima unayamba kufuna kulimbitsidwa pa zingwe zazitalinso, kenako pa thebulo, pa chitseko, pa tsiku lopanda ntchito. Akazi awo ankabwera ndi chakudya masana atamanga duku mpaka m'maso, ndipo tsiku lina duku litasuntha ndinaona chotupa. Manja omwewo amene ankabisa misomali kuti alendo asapwetekedwe mtima.

"Ndinagunda chitseko," anatero mayiwo ataona kuti ndaona.

"Chitseko chake ndinakhoma ndine, n'cholimba," anatero a Kambalame, n'kuseka okha.

Anawapeza m'mawa wina wa dzinja atagona chafufumimba m'ngalande, m'madzi osafika n'komwe m'mawondo. Bokosi lawo ndinapala ndine. Misomali ndinaibisa.

Nthawi imeneyo Ndaziona anali atakula, wamtali ngati mayi ake, woseka ngati iwo. Panali kondakitala wina wa minibasi amene ankachedwetsa galimoto pakhomo pathu. Ndinalankhula zimene atsibweni amalankhula. Iye anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu.

"Atsibweni, mwandilera, sindikana," anatero. "Koma ndatopa kununkha vanishi ya akufa. Kulikonse tikafika munthu amawonongeka, ife n'kunyamuka. Ndikufuna ndikakhale penapake."

Anapita. Pashelefu pamene pankakhala kakapu panatsala kabwalo kopanda fumbi.

Za zaka zotsatira sindikumbuka bwino dongosolo lake. Ndinamva kuti kondakitala uja anamusiya, ndipo ndinayamba kumufunafuna. Ndinkafika pamudzi, n'kuona ngati ndinafikapo kale: mtengo, benchi pansi pake, amuna atatu kapena anayi, utsi kuseri kwa nyumba. Ndinkafunsa za mtsikana wamtali. Ankandiuza kuti anadutsa, kapena kuti sanadutse, n'kundisunthira malo pabenchi. Wina ankati akungotsitsa fumbi kukhosi, wina akungoitana tulo, wina akungoperekeza mnzake. Womwa sindinakumane naye ngakhale mmodzi. Nthawi zina patali ndinkaona munthu wa mapewa ngati goli akutola mapepala, kapena wa ndodo atakhala pa muzu, koma ndikayandikira anali wina, wa dzina lina. Ndinaumba njerwa kwina, ndinamata machubu kwina. Ndevu zinachita imvi ndili m'njira.

Miyendo itatopa ndinapeza kachipinda kumapeto kwa tauni ina, kutsidya kwa njanji, kumene nyumba zimatsamirana. Ndinaika benchi langa la ukalipentala pakhonde n'kuyamba kukhoma mipando ndi zitseko. Pakati pa ine ndi aneba panali mpanda wa bango. M'mawa wina mphepo inabweretsa fungo la madeya owira, ndipo ndinamva mawu a mwamuna kuseri kwa mpanda.

"Apatu mwangopsompsona kapu. Mezani tione."

Kenako kuseka kwa Mwandida.

Ndinaika sowo pansi. Ndinasuzumira pampata wa bango, ndipo ndinaona mlongo wanga ali mtsikana, mimba ili patsogolo, akupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, kakapu kamalata kali m'manja. Ndinadziuza kuti ndikulota, chifukwa maloto otere ndinali nditawazolowera. Koma pafupi ndi moto panali mayi wokalamba akusonkhezera nkhuni, ndipo atatembenuka ndinawadziwa. Anali mayi Nangozo. Woyembekezerayo anali Ndaziona.

Anabwera kwanga masana, tinalira, tinakhala pakhonde. Anandiuza kuti mayi Nangozo anamupeza pamsika alibe kolowera, n'kumuzindikira ndi nkhope ya make.

"Amene tinawasasulira denga ndi ife, atsibweni, koma mphasa anandipatsa ndi iwo. Mimbayi mwini wake anathawa, iwo sanandifunse kanthu. Ndiye ndingokhala n'kumadya? Kampando kanali kopanda munthu, ndinakhalapo."

"Nanga bambo aja? Nanga Lekani?"

"Onse anapita. Lekani ndiye chaka chatha."

Tsiku limenelo sindinanene zambiri. Ndinadikira. M'mawa mwake ndinamuona pampata uja, pabwalo palibe wogula, akuthira m'kakapu ndi manja onjenjemera. Ndinamuitana. Anabwera kumpanda kapu ili kumbuyo.

"Ndaziona, munthu wolawa ndi munthu womwa asiyana pati?"

"Mwayambatu za kusukulu kwanu."

"Si za kusukulu. Ndi funso lako."

"Ine sindimwa, atsibweni. Ndimango..."

Anaima pomwepo. Mawu amenewo anali atawamva pa dothi lofiira, pamwamba pa phiri, ndi pa msewu wa mabokosi, ndipo ndinaona pankhope pake kuti wawazindikira ali m'kamwa mwake.

"Ndikapanda kutero m'mawa, manja sagwira kanthu," anatero motsitsa mawu. "Thukuta limatuluka, mtima umathamanga. Ndinayesa."

"Chimene wameza iwe, wa m'mimbayo wamezanso. Iye sanafunse kuti achotseredwe ufiti."

Anaika dzanja pamimba. Sanalire. Ndinamuuza kuti zafika pamenepa si zolimbana nazo yekha kuseri kwa nyumba, tipite kuchipatala akamuthandize kusiya mosamupweteka, n'kumuonanso mwanayo. Sanavomere, sanakane. Anati, "Nanga agogowa ndani awalawira? Anthu sagula mowa wosalawa."

Choncho ndinadikira ogula atachoka, dzuwa litapendeka, n'kuodira pampanda. Mayi Nangozo anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja.

"Alongo ake a Mwandida," anatero. "Mwabwera kudzamaliza denga? Lino ndi la malata, mubwere ndi hamala."

"Ayi, mayi. Ndabwera ndi mawu amene ndayenda nawo zaka zambiri, osadziwa kokawatula."

Ndinawauza za chiwindi monga ndinamvera. Ndinatchula maso achikasu, mimba, miyendo, magazi. Pa chilichonse ankagwedeza mutu, ndipo ndinazindikira kuti sakuganiza za Mwandida.

"Bambo ake a Lekani ndi momwemo," anatero. "Lekani ndiye anayamba n'kuona njoka pakhoma." Anagwira bango ndi manja onse awiri. "Mukudziwa, aneba, ine mowa sindinkalawa chifukwa umandisanzitsa, kuyambira ndili mtsikana. Basi. Palibenso china. Koma Mwandida atapita, bambo atapita, mwana atapita, ndinayamba kuganiza kuti mwina anthu aja sananame. Mwina ndine mfitidi yosadzidziwa. Ndinkadzuka n'kumayang'ana kumapazi ngati kuli matope a kumanda."

"Simuli mfiti, mayi."

"Ndiye mukuyesa mwandipeputsa? Mfiti imapha mumdima, osaona nkhope. Ine ndinkawathirira ndi dzanja ili, masana, n'kumawathokoza."

Tinaima choncho, njiwa zikutola madeya pabwalo pawo. Ndaziona anali atakhala pakhonde langa, atatifulatira, koma ndinadziwa kuti akumva.

"Musandiuze kuti ndizimitse moto," anatero mayiwo pamapeto. "Ndikazimitsa ndidya chiyani, utuchi wanu?"

"Za moto wanu sindinabwerere. Mwana uyu ndi amene ndinatuluka naye m'mudzi kuthawa kapu. Ndayenda naye dziko lonse, n'kudzamupeza ali nayo m'manja."

Anatembenuka, anapita pamene panali mbiya, n'kubwerako ndi kakapu kamalata. Anakayang'ana mkati, n'kukhuthulira pansi madontho otsala.

"Pakampando paja sipakhalanso munthu," anatero. "Iye ayi, wina aliyense ayi. Wofuna kuchotsa ufiti auchotse yekha ndi kholingo lake. Ena athawa, ndikudziwa, azikati gogo uja wayambanso. Athawe. Ndikayatsa moto, mwanayu azikhala kwanu, azikupalirani matabwa. Mupite naye kuchipatala mawa, akakana mundiitane, ine sandikanira." Anapumira. "Koma nanunso, aneba, muli ndi katundu wanga."

"Nenani, mayi."

"Mawu mwandiuzawa mwawauza mpanda wa bango. Kumudzi ndikadali mfiti. Amuna anga ndi mwana wanga agona pakati pa alendo, ndipo ine sindikufuna kukagona pomwepo. Munditengere kwathu. Mukaime pamanda a Mwandida anthu ali pomwepo, mukanene zimene zinamudya."

Ndinaganiza za amayi aja opeta pakhonde, za amuna a pabenchi, ndi mmene adzandiyang'anire munthu wobwera ndi imvi kudzawauza kuti denga anasasula pachabe, ndipo kuti amene ankati mezani tione ndi iwo. Sindinkadziwa ngati adzandimvera.

"Ndikanena," ndinatero. "Mwanayu akangochira, mvula isanagwe, tinyamuka."

"Ndili moyo, aneba. Osati m'bokosi lanu, ngakhale amati mumabisa bwino misomali."

"Muli moyo, mayi. Mukayenda ndi miyendo yanu, patsogolo."

Anakankha bango ziwiri, analowetsa dzanja pampatapo n'kundipatsa kakapu. Ndinakalandira ndi manja awiri.

"Aka kazikhala kwanu," anatero. "Muziikamo misomali. Ine ndasunga lonjezo langa, inu musunge lanu."

"Ndisunga, mayi."